Kodi mayi asankhe pakati pa moyo wake ndi wa mwana?

Mayi akapezeka ndi khansa ali woyembekezera, abale amafunsa chinthu chimodzi: nanga mwana? Izi zimachitika pa mimba pafupifupi imodzi mwa 1,000 zilizonse. Kwa zaka zambiri njira zinali zitatu, zonse zowawa: kuchotsa mimba, kudikira mpaka mayi abereke uku matenda akufalikira, kapena kumubereketsa masiku asanakwane. Kodi lero pakadali chifukwa chomuimika mayi pamphambano yotere?

Mu 2015, Pulofesa Frédéric Amant wa ku Leuven, m'dziko la Belgium, ndi anzake anafalitsa zotsatira za kafukufuku wa ana 129 obadwa kwa amayi odwala khansa. Ana 96 mwa iwo anali m'mimba pamene amayi awo ankalandira mankhwala a chemotherapy. Atawayerekeza ndi anzawo amsinkhu umodzi, sanapeze kusiyana kwenikweni pa nzeru ngakhale pa kagwiridwe ntchito ka mtima. Chimene chinkabweza ana m'mbuyo ndi kubadwa msanga. Ndiye pofulumizitsa kubereka kuti mwana athawe mankhwala, tikumuteteza kapena tikumupweteka?

Mankhwalawa si phala ayi. M'miyezi itatu yoyambirira, ziwalo za mwana zikuumbika, angathe kumulumalitsa kapena kupititsa mimba padera, n'chifukwa chake madokotala amadikira nthawiyo idutse. Mwa mankhwalawa, Methotrexate saloledwa pa mimba. Cisplatin angawononge makutu a mwana. Ana ena amabadwa ochepa thupi. Mankhwala amaimitsidwa kutatsala masabata pafupifupi atatu kuti mayi abereke, kuti magazi ake ndi a mwana abwerere m'chimake, ndipo mayi amene akuwalandira sayamwitsa. Zonsezi zimadalira kudziwa bwinobwino msinkhu wa mimba. Nanga mayi woyamba sikelo mimba ili ndi miyezi isanu ndi umodzi, tsiku lake lobereka amuwerengera ndani?

Kuno ku Malawi funsoli ndi lathu. Tili m'gulu la mayiko amene khansa ya khomo la chiberekero ikupha amayi ambiri padziko lonse, ndipo lipoti la mu 2012 linaonetsa kuti ana 18 mwa 100 alionse ankabadwa masiku asanakwane. Kodi mzamba akamva chotupa m'bere la mayi wapakati amamutumiza kukapimidwa, kapena amangoti ndi mkaka? Kodi dokotala wa khansa ku Kamuzu Central kapena ku Queen Elizabeth ali ndi mpata wokhala pansi ndi dokotala wa amayi ndi wa ana kuti agwirizane chochita? Mwanayo akabadwa, adzamuyeza makutu ndani, adzatsatira ndani mmene akuphunzirira akayamba sukulu?

Unduna wa Zaumoyo uike ndondomeko yomveka ya chithandizo cha khansa kwa amayi oyembekezera, azamba aphunzitsidwe kukayikira chotupa chilichonse, ndipo mwana aliyense wobadwa motere alembedwe ndi kutsatiridwa. Mayi auzidwe zoona zonse, limodzi ndi mwamuna wake ndi abale, asanasankhe. Nthawi zambiri mayi ndi mwana onse awiri angapulumuke. Tikamubisira zimenezi, tidzawayankha chiyani ana amasiye amene atsale?