Miyala Simera M'munda

Alimi anzanga, kawirikawiri timamva munthu akudandaula kuti munda wake wamera miyala. Komatu mwala ulibe mbewu, ndipo suphuka ngati chimanga. Miyalayo inali momwemo kuyambira kale. Chimene chachoka ndicho nthaka imene inali kuiphimba. Kuti timvetse bwino, tiyeni tione zochitika m'chipululu cha Sahara, kumpoto kwa Africa.

Ambiri amayesa kuti Sahara ndi mchenga wokhawokha, koma mchenga suphimba ngakhale theka la chipululucho. Madera aakulu ndi malo athyathyathya odzala timiyala tothinana, monga ngati munthu anachita kutiyala ndi manja. Aluya amatcha malo otere reg, ndipo ku Australia, kumene aliponso, amati gibber.

Njira imodzi imene malowa amapangikira nayi. Nthaka ikauma, popanda udzu woigwira, mphepo imanyamula fumbi lopepuka ndi kumka nalo kutali, lina mpaka kuoloka nyanja ya Atlantic kukagwa ku South America. Mchenga, pokhala wolemerapo, umangodumphadumpha chapansipansi, nukankhidwa pang'onopang'ono. Miyala yokha ndiyo imatsala, ndipo patapita zaka zikwizikwi imayandikizana kufikira itatseka pamwamba ponse. Pamenepo mphepo imaleka kuba, pakuti palibenso chimene ingathe kusenza.

Amayi akamapeta ndi lichero, mankhusu amauluka, chimanga n'kutsala. Mphepo nayo imapeta munda, koma mosemphana: chonde ndicho chimauluka, ndipo mlimi amatsala ndi miyala.

Sindikunena kuti dziko lathu lisanduka Sahara, pakuti kuno mvula imagwa, ndiponso madzi othamanga ndiwo amakokolola nthaka yambiri koposa mphepo. Komabe m'chilimwe munda wotenthedwa umakhala pambalambanda kufikira mvula yoyamba, ndipo kamvuluvulu aliyense wodutsamo amatapako gawo lake. Alimi a ku Kansas ndi Oklahoma ku America anaziona: atagalauza udzu wa m'zigwa zawo chilala chinadza, mu 1935 fumbi linadetsa dzuwa masana, ndipo mabanja zikwizikwi anasiya minda yawo.

Ena adzati moto umayeretsa munda msanga, nuthandiza pa ulenje wa mbewa. Nzoona, koma ndiwo ya tsiku limodzi siiyenera kugulidwa ndi chonde cha ana athu. Mitengo ya fodya izulidwe ndithu chifukwa cha matenda, koma mapesi a chimanga musawatenthe. Agonekeni pakati pa mizere kuti aphimbe nthaka, ndipo adzaolera momwemo ndi kusanduka manyowa. Sungani mitengo m'malire a munda kuti itchinge mphepo, ndipo msangu muuleke ukule pakati pa mbewu.

Nthaka ya m'chipululu imapeza chofunda cha miyala, zonse zabwino za pamwamba zitauluka kale. Ife tifunditse yathu ndi mapesi chonde chikadalimo.