Kodi Mlombwa Umalira?

Anzanga, pa tchuthi ndinatema mlombwa m'phiri la Mchinji, ndipo panatuluka utomoni wofiira ngati magazi. Agogo anati mtengowo ulikulira. Ine ndikana, ngakhale sindinawayankhe pamaso. Ululu umamveka mu ubongo, koma mtengo ulibe ubongo. Komatu suli ngati mwala ayi. Mbozi ikadya tsamba la fodya, mizu imachulukitsa nikotini kuti mdaniyo aleke. Chotero chomera chimazindikira bala, chinkana sichimva kuwawa.

Nanga inu amene musenda makungwa kuseri kwa nyumba yathu yogona pofuna luzi? Chakudya cha mizu chimatsika m'khungwamo. Mukalisenda kuzungulira thunthu, mtengo udzauma, ndipo mwezi wa October tidzawerengera mayeso padzuwa.