Mapu alipo, nanga Kanyama imililanji m'madzi?

Mvula ikagwa yamphamvu mu Januwale, anthu a ku Kanyama, Misisi ndi Chawama amadziwa kale zotsatila: madzi m'nyumba, zimbudzi kusefukila, kenaka kolela. Koma si iwo okha odziwa. Akatswili a mapu nawonso amatha kuloza malo amene adzamila mvula isanayambe n'komwe.

Luso lawo amalicha GIS. Pa kompyuta amasanjikiza mapu osiyanasiyana: a kutsetseleka kwa nthaka, a ngalande, a zitsime, a zimbudzi, ndi a nyumba zimene kunapezeka odwala. Akawaika pamodzi, vuto limaonekela poyela. Nzelu imeneyi si yamanje. Mu 1854, dokotala John Snow analemba pa mapu nyumba za anthu amene anafa ndi kolela ku London, ndipo anapeza kuti zazungulila mjigo umodzi wa mu Broad Street.

Lusaka ifunika anthu otele kwambili. Mbali yaikulu ya mzinda inakhala pa mwala wa laimu wokhala ndi ming'alu, ndipo m'makomboni ena madzi apansi ali pafupi. Ukakumba cimbudzi pano, citsime apo, ndiye kuti zonyansa ndi madzi akumwa zikumana pansi pomwepo. Mlili umene unayamba mu Okutobala 2023 unadwalitsa anthu oposa 20,000 m'dziko muno, pafupifupi 700 anamwalila. Heroes Stadium inasanduka cipatala, masukulu anacedwa kutsegula.

Ophunzila za mapu tili nawo. Ku UNZA, m'dipatimenti ya Geography and Environmental Studies, acinyamata amaphunzila GIS, ena n'kupitiliza mpaka kukhala aphunzitsi ndi ofufuza. Vuto lili pakati pa yunivesiti ndi ofesi yogawa malo. Wofufuza angathe zaka akuyeza dambo, n'kulemba kuti apa pasamangidwe. Koma ngati wogawa maploti sanaone mapu amenewo, kapena waaona n'kuwaika m'dilowa, nyumba idzamangidwa ndithu.

Forest 27, kum'mawa kwa mzinda, ndi citsanzo. Zinali zodziwika kuti nkhalangoyi imamwetsa mtsinje wa Chalimbana ndi madzi apansi. Ngakhale n'telo, kuyambila mu 2017 zigawo zake zinacotsedwa pa malo otetezedwa, anthu n'kuyamba kumanga. Cimene cinasowa si cidziwitso iyayi.

Lamulo la Urban and Regional Planning Act la 2015 limafuna kuti khonsolo iliyonse ikhale ndi pulani ya citukuko ca dela lake. Pulani yopanda mapu atsopano ndi pepala cabe. Conco makhonsolo afunika kulemba nchito akatswili a GIS okhazikika, osati kudikila mapulojekiti a mabungwe akunja amene akatha, kompyuta nayonso imazima. Ofufuza nawo asamalembele anzawo okhaokha m'Cizungu covuta. Mapu a malo osefukila apacikidwe ku ofesi ya khansala ndi pamsika, kuti mayi amene afuna kugula ploti mu Ogasiti, pansi pali gwa, adziwe mmene padzakhalila mu Febuluwale.

Ndalama za CDF zinakwela kwambili kuyambila mu 2022, ndipo mawodi ambili afuna ngalande. Komiti isanavomeleze pokumba, munthu wina afunse: mapu akuti madzi apita kuti? Ngalande yokumbidwa mwacisawawa imangocotsa madzi pakhomo panu n'kuwathila kwa aneba.