Anagona liti dalaiva wa pa Manenekela?

Ife okwera minibasi tili ndi khoti lathu lathu, ndipo silichedwa kuweruza. Thiraki ikachita ngozi, mlandu umatha tisanafike n'komwe pa Kulima Tower. Wina aonetsa chithunzi pa foni: thiraki yagona chammbali pa Manenekela, matumba a fataleza ali mbwee mumsewu. "Aba ba driver ba mathiraki ni bachakolwa," atero amayi a mpando wakumbuyo. "Bathamanga maningi," avomereza wina. Kondakita naye aponyapo yake uku akusonkhetsa ndalama. Basi dalaiva wapezeka wolakwa, tatsika, aliyense ku nchito yake.

Madalaiva osasamala aliko, akumwa alikonso, ndipo sindiwaikira kumbuyo. Koma pali funso limene khoti lathu silifunsa: munthu uja anagona liti komaliza, nanga ndani anapangitsa kuti asagone?

Amene simunapiteko kum'mawa, musanamizidwe ndi Great East Road ya pa Manda Hill, Arcades ndi Munali, ya malaiti ndi mizere yambiri. Mukadutsa toll gate ndi tauni ya Chongwe, msewu womwewo umalowa m'boma la Rufunsa, kwa mafumu Bundabunda, Mpanshya ndi Shikabeta. Mupitirira akasupe otentha a pa Chinyunyu, mupitirira Rufunsa, kenaka mapiri ayamba. Msewu ukhota, ukwera, utsika, ukhotanso, mbali ina phiri, mbali ina phompho, mpaka kukafika pa mlatho wa Luangwa umene unatsegulidwa mu 1968, makilomita opitirira 200 kuchoka mu Lusaka. Kuyambira pa mlathowo kukafika ku Mwami msewu unamangidwanso zaka zapitazi ndi ndalama za European Union ndi mabanki ena. Chigawo cha ku Rufunsa sichinali m'nchito imeneyo. Ndicho chigawo chimene chimafuna dalaiva wa maso akuthwa kuposa pena paliponse, ndipo kwa amene achokera ku doko la Beira kudzera ku Tete, Chanida ndi Katete, chimabwera kumapeto kwa ulendo, thupi litatha kale.

Kutsika phiri ndi thiraki yodzaza si masewera. Lamulo limalola thiraki ndi katundu wake kufika matani 56. Hiace imene mwakwerayi, ngakhale kondakita atipanikize bwanji, sifika matani 4. Dalaiva wodziwa nchito amasankha giya yaing'ono akali pamwamba, n'kusiya injini kuti ndiyo izigwira motoka. Akachedwa kusankha, amayamba kudalira phazi. Mabuleki akapondedwa kosalekeza amatentha, akatentha amaleka kugwira, mpweya m'matanki nawo uchepa, ndiye pamene timamva kuti "mabuleki anakana". Nthawi zina n'zoona kuti anali akutha kale chifukwa mwini wake anakana kugula atsopano. Koma nthawi zinanso mabuleki anali bwino, chimene chinachedwa ndi mutu wa munthu amene wagona maola atatu pa masiku awiri. Kusinza kwa masekondi atatu pa liwiro la makilomita 60 pa ola ndi mamita 50 oyenda popanda woyendetsa. Pa Manenekela mamita 50 ndi ambiri.

Nanga n'chifukwa chiyani munthu wamkulu, wa ana ndi mkazi kunyumba, angayendetse ali ndi tulo m'maso? Yankho tilidziwa bwino ife a m'minibasi kuposa wina aliyense. Ndi kashing'i. Dalaiva wathu akamalowa mumzere wa anthu oyenda pansi, akamaima paliponse, akamathamangitsana ndi mnzake kulimbirana pasenjala mmodzi pa Hybrid, n'chifukwa abwana akuyembekeza ndalama yawo madzulo, ndipo yake ndi yotsalayo. Dalaiva wa thiraki naye ali ndi kashing'i yake, kungoti dzina ndi lina. Kwa ambiri malipiro a pamwezi ndi ochepa, ndalama yeniyeni ili pa tiripi. Akakhala masiku atatu pa boda kuyembekeza mapepala, masiku amenewo ndi ake, palibe amene am'bwezera. Akangotuluka, foni iyamba: "Uli pati? Katundu ifunika mailo kuseni." Ndiye amabweza masiku otayikawo pa chinthu chimodzi chokha chimene ali nacho ulamuliro, tulo take.

Mlamu wanga wayendetsa mathiraki zaka zambiri pa msewu umenewu. Pa kampani ina imene anagwirako, tayala likaphulika ankam'dula pa malipiro, dizilo ikaperewera pa mlingo umene abwana analemba ankam'dulanso, ngakhale thiraki itakhala yokalamba yomwa mafuta ngati ng'ombe ya ludzu. Mwezi uliwonse ankam'chotsera ya NAPSA. Tsiku limene anapita kukafunsa sitetimenti yake, anapeza miyezi yambiri ilibe kanthu. Ndalama inkachoka m'thumba mwake koma sinkafika kumene imayenera kupita. Anangosiya nchito, chifukwa akuti ukadandaula kwambiri dzina lako limayenda pakati pa mabwana, ndipo pa geti pali anyamata khumi a malaisensi a CE amene akuyembekeza kiyi yomweyo.

Chomvetsa chisoni n'chakuti malamulo tili nawo, ndipo ena ndi abwino. Chakumapeto kwa 2020 madalaiva a mathiraki anaimika nchito podandaula za malipiro. Chaka chisanathe, unduna wa za nchito, pa nthawiyo uli m'manja mwa a Joyce Nonde-Simukoko, unatulutsa lamulo lotchedwa Statutory Instrument nambala 106 ya 2020. Linaika malipiro otsikitsitsa a madalaiva a mathiraki ndi mabasi, pamodzi ndi ndalama zapadera monga yogonera kunja kwa dziko. Employment Code Act ya 2019 imanena za kontirakiti yolembedwa, sabata ya maola 48, ovataimu ndi masiku a livi. Ku NAPSA wanchito apereka 5 peresenti, abwana 5 peresenti. Ku NHIMA ndi 1 peresenti mbali iliyonse. Ku Workers' Compensation Fund Control Board, kumene kumachokera thandizo munthu akavulala pa nchito, amalipira ndi abwana okha, wanchito sayenera kudulidwa ngwee. Zonsezi zili pa pepala.

Koma taonani kumene timachita cheking'i. Pa msewu pali a RTSA, pali akapokola a traffic, pali sikelo ya RDA. Onsewa amakumana ndi munthu mmodzi, dalaiva. Laisensi, fitinesi, inshuwalansi, matirayango, liwiro. Akalakwa alipira pomwepo, kambiri za m'thumba mwake. Amene anam'tuma, amene anakana kusintha mabuleki, amene anamuimbira foni kasanu usiku, ali mu ofesi ku Lusaka akumwa tiyi. Ndani anaonapo rodibuloko yofunsa peyisilipi? Nchito imeneyo ndi ya oyendera a unduna wa za nchito, ndipo malo ake ndi mu yadi ya kampani, m'mabuku a malipiro, osati pa dzuwa la pa Luangwa.

Ku Europe anazindikira kale kuti vuto lili pamenepo. Lamulo lawo la 2006 limati dalaiva asapitirire maola 9 pa chiwongolero tsiku limodzi, kupatulapo kawiri pa sabata pamene angafike 10, ndipo akayendetsa maola anayi ndi theka apume mphindi 45. M'thiraki muli kamakina kotchedwa tachograph kamene kamalemba nthawi yoyenda ndi yoima, sikanama. Koma mbali imene ine imandikoka mtima ndi iyi: kampani nayo imayankha mlandu dalaiva wake akaphwanya maolawo, ndipo n'koletsedwa kulipira dalaiva potengera mtunda kapena kuchuluka kwa katundu ngati malipiro otero angaike anthu pangozi. Apa sipafunika ndalama za azungu kuti titengereko. Makampani ambiri kuno ali kale ndi GPS m'mathiraki awo. Amaigwiritsa nchito poona ngati dalaiva wapatuka kukagulitsa dizilo. GPS yomweyo ingaonetse kuti thiraki yayenda maola 16 osaima, ndipo amene anaiona pa kompyuta n'kukhala chete ayenera kufunsidwa.

Ife tinayesa njira ina. Mu 2016 boma linatulutsa SI 76 yoletsa mabasi ndi mathiraki kuyenda usiku kuyambira 21:00 mpaka 05:00. Lamulolo lakhala likusinthidwa kuchokera nthawiyo, koma funso limene linabweretsa likalipo: mwati aime, chabwino, aime pati? Usiku ukam'peza pakati pa Chongwe ndi mlatho, amaimika m'mbali mwa msewu kapena pa kamsika. Agona m'kabini diso limodzi lili pa galasi, kuopa akuba dizilo, akuba mabatire, ong'amba tenti. Chilichonse chikasowa adzalipira ndi iye. Chimbudzi ndi thengo, madzi osamba ndi a m'chigubu. M'mawa pepala likuti wapuma maola 8, koma thupi likudziwa zina. Ndipo thiraki yoima theka mumsewu usiku, nthambi za mitengo m'malo mwa matirayango, ndi msampha wa basi yoyamba ya ku Chipata.

Za umoyo wa anthuwa takhala tikukamba mbali imodzi chabe. Kwa zaka zambiri, ukati dalaiva wa thiraki, anthu amaganiza za HIV ndi atsikana a pa boda. Mu 2020 tinawonjezapo kuti ndiwo atibweretsera Covid. Koma matenda amene amam'dya tsiku ndi tsiku ndi BP, shuga, msana, maso ndi malungo a kuchigwa. Munthu akhala pampando tsiku lathunthu, chakudya ndi nsima ya nyama ya mafuta kapena chipisi, tulo akuthamangitsa ndi ma energy drink atatu anayi. BP sipweteka, imangokwera mwakachetechete mpaka tsiku limene idzam'gwetsa, ndipo ikhoza kum'gwetsera pa chiwongolero. Kupimidwa kwa dokotala kumene kumafunika potenga laisensi yoyendetsa motoka za malonda kukanagwira zina mwa izi, kukanakhala kuti tonse timakutenga ngati kupima kwenikweni osati kungofuna chidindo. Nanga kukliniki apita liti? Kliniki imatsegula iye ali pa msewu, imatseka akali pa msewu. N'chifukwa chake bungwe la North Star Alliance linayamba kuika timakliniki ta m'makontena m'malo oima mathiraki, koyamba pa boda ya Mwanza ku Malawi, kuti chipatala chipite kumene kuli dalaiva.

Ngozi ikachitika ku Rufunsa, ovulala amathamangira nawo ku St Luke's Mission Hospital ku Mpanshya, ndipo amene avulala kwambiri amatumizidwa ku Lusaka, ulendo wa maola pa msewu womwe uja. Pamenepo m'pamene pepala limayesedwa. Ngati abwana sanapereke za NHIMA ndi za Workers' Compensation, dalaiva wothyoka msana amatsala m'manja mwa mkazi wake ndi achibale, ndipo kampani ilemba wina sabata yomweyo.

Eni mathiraki ali ndi zawo zokamba, ndipo zina n'zomveka. Dizilo yakwera, masipeya amagulidwa ndi madola, ma toll gate ndi ambiri, eni katundu amalipira mochedwa, ndipo makampani akunja amatsitsa mitengo. Zoona. Koma mwa zonse zimene angachepetse kuti apeze phindu, n'chifukwa chiyani chosavuta kudula chimakhala tulo ndi penshoni ya dalaiva? Chifukwa ndicho chokha chimene palibe amam'gwira nacho. Mwini kampani amene amatsata lamulo amaluza tenda kwa mnzake amene salitsata. Ndiye amene ayenera kuyamba kufuula kuti oyendera alowe m'mayadi ndi eni makampani achilungamowo. Nawonso eni katundu, makampani akuluakulu a fataleza, simenti ndi mafuta, angathe kukana kupereka katundu kwa wonyamula amene alibe umboni wakuti amalipira NAPSA. Amafunsa kale za inshuwalansi ya katundu wawo, sangalephere kufunsa za munthu womunyamula.

Kwa inu a dalaiva amene mukuwerenga izi pa boda kapena pa mzere wa sikelo, pitani mukatenge sitetimenti ya NAPSA, musayembekeze kupuma nchito. Sungani peyisilipi iliyonse, ndi mameseji aja okuthamangitsani usiku musafute. Ofesi ya Labour imamva bwino munthu wobwera ndi mapepala. Inunso a dalaiva a minibasi ndi makondakita, SI 106 ili ndi mawu akuti basi pa mutu pake, muifunse.

Ndipo pali chimodzi chimene boma lingachite chaka chino. Thiraki iliyonse ya pa msewu umenewu imasiya ndalama pa toll gate ya Chongwe, ya ku Nyimba kapena ya ku Katete. NRFA, khonsolo ya Rufunsa ndi mafumu angakhale pansi n'kupatula malo oimikapo mathiraki: mpanda, malaiti, alonda, zimbudzi, madzi osamba, ndi kachipinda ka nesi wokhala ndi makina opimira BP ndi shuga amene amatsegula mpaka usiku. Azimayi a kumeneko angagulitsepo nsima, khonsolo ingatolerepo kangachepe. Malowo akhale kumtunda, mapiri asanayambe, kuti dalaiva aime, agwire matayala, aone mpweya wa mabuleki, ndipo ngati maso akulemera agone kaye asanatsike ku mlatho.