Wozimitsa moto nayenso amapsa mumtima

Kuno ku Salima moto ukabuka pa Kamuzu Road kapena m'zisakasa za asodzi ku Senga Bay, oyamba kufika si anthu a zipewa zachitsulo ayi. Ndi mavenda, akabaza ndi ana a sukulu, aliyense chidebe m'manja. Bwato likagubuduka panyanja, ovuula mitembo ndi asodzi omwewa, apolisi ndi asilikali. Ozimitsa moto enieni tinawazolowera m'mizinda, ndipo Lilongwe ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 100.

Kodi ntchito ikatha, anthu amenewa amapita nazo kuti zimene aona?

Ndikudziwa bambo wina amene anatulutsa mwana m'nyumba yaudzu ikuyaka, koma mwanayo anatsirizikira panjira ya kuchipatala. Tinangomuuza kuti, "Ndinu mwamuna, achimwene!" Basi. Lero bamboyo sagona. Fungo la nyama yootcha limamuthamangitsa, kunyumba ndewu yokhayokha, mpamba wa geni wathera ku kachasu. Ena ati amulodza. Achipatala vutoli amalitchula kuti PTSD, bala la m'maganizo lobwera munthu akaona zoopsa. Ganizirani za amene anafukula anzawo m'matope ku Chilobwe pa namondwe wa Freddy mu 2023. Makasu anawatula, nanga zimene anaona?

Ine ndikuti tisadikire kuti munthu ayambe wadwala. Pophunzitsa anthu kugwira payipi ya madzi kapena kupulumutsa womira, tiwaphunzitsenso kudziwa za mumtima mwao: kuzindikira kuti kusowa tulo ndi kupsa mtima msanga ndi zizindikiro, kupuma pang'onopang'ono mantha akagwira, kumvetsera mnzako osamuseka, ndi kudziwa nthawi yoti umuperekeze kuchipatala. Zoti mwamuna salira zatipha kokwanira. Paja mbewa yamanyazi inafera kuuna.

Wina ati ndalama zake ziti, pamene mafuta a galimoto omwe amavuta? Zoona. Komatu izi sizilira nyumba yosanja. Ku Harare, Dr Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench mu 2006, kuphunzitsa agogo kukhala pa benchi ndi kumvetsera anthu a nkhawa. Bungwe la WHO nalo linatulutsa buku mu 2011 la chithandizo choyamba cha m'maganizo, loti munthu wamba atha kuligwiritsa ntchito. Mfundo ina m'menemo ndi yoti osamukakamiza munthu kufotokoza zimene waona. Amene amakonda kufunsa kuti "ndiye mtembowo unali bwanji?" amve pamenepa.

Zomba Mental Hospital ndi St John of God zili kutali kwa msodzi wa ku Lifuwu. Makomiti a msika ndi a pagombe alipo kale ndipo amakumana. A khonsolo asankhemo anthu awiriawiri, aitane anamwino a matenda a m'maganizo awaphunzitse, nyengo ya mwera ndi moto wolusa isanafike.