Wogula Masewero Amamangidwa Liti?

Mnyamata wa ku Lobi akagulitsa thumba la kachewere n'kubetcha pa foni, amakhulupirira kuti osewera akutuluka thukuta lenileni. Nanga ngati wina anagula kale zotsatira, ndalama yake yapita m'thumba la ndani?

Mu 2018 bungwe loyendetsa masewera a badminton padziko lonse, BWF, linaletsa anyamata awiri a ku Malaysia kusewera chifukwa chokonzeratu zotsatira za masewero. Zulfadli Zulkiffli, yemwe mu 2011 anali katswiri wa achinyamata padziko lonse, anapatsidwa zaka 20 ndi chindapusa cha madola 25,000. Tan Chun Seang anapatsidwa zaka 15. Mu 2021 osewera asanu ndi atatu a ku Indonesia nawo anagwa m'mbuna yomweyo, atatu mwa iwo analetsedwa moyo wawo wonse. Chilango chowawa, inde. Koma BWF ilibe apolisi, ilibe ndende. Ingalande chomenyera m'manja mwa wosewera, basi.

Wina anena kuti za badminton n'zakutali, ku Lobi kuno ndi mpira wamiyendo. Chabwino, tibwere kwathu. Mu 2017 marefa anayi analetsedwa kuimbira mpira moyo wawo wonse chifukwa cholandira ndalama pamasewero a chikho pakati pa Nchalo United ndi Chitipa United. Ndalama yake? Pafupifupi madola 20, anthu anayi. Nkhaniyo inaululika chifukwa Nchalo inagonjabe, ndiye opereka ndalama anaifuna ibwerere. Zikanayenda monga anapanganira, ndani akanamva?

Ku Finland mu 2011 khoti linapeza olakwa osewera asanu ndi awiri a ku Zambia a timu ya RoPS pa mlandu wolandira ziphuphu pamasewero, ndipo Wilson Raj Perumal, yemwe ankakonza chinyengocho, analamulidwa kukhala m'ndende zaka ziwiri. Kumeneko woweruza milandu anamugwira mwini chikwama. Kuno tili ndi lamulo lothana ndi ziphuphu la 1995, tili ndi ACB yofufuza za ziphuphu, tili ndi MAGLA yoyang'anira za juga. Chikutiletsa n'chiyani kutengera nkhani zotere kukhoti? Kapena chiphuphu chimasiya kukhala chiphuphu chikangolowa m'bwalo la zamasewero?

Ndipo tisamangoloza chala ku Super League. Pa bonanza ya kumudzi, refa wobwera panjinga kuchokera kutali, wolipidwa ndalama yongokwanira tchipisi, akakokeredwa kuseri kwa golosale masewero asanayambe, akadandaule kwa ndani? Kwa amfumu? Kwa phungu amene wagula chikhocho?