Akati 100, Akhaledi 100

Amayi anzanga, sukulu zikayandikira kutsegulira ndimakumana nanu ambiri pa msewu wa ku Katoto, mukupita m'tauni kukagulira ana makope. Mtengo mumafunsa, mwinanso kunenerera, koma ndi angati mwa inu amene mumawerenga mapepala ake? Funso limeneli landikumbutsa mbiri ya bambo wina wa ku Japan.

Bamboyu dzina lake linali Zentaro Kuroda, kwawo ku Toyama. M'chaka cha 1905 anatsegula kasitolo mu mzinda wa Osaka, kopanga zikuto za mabuku amene amalonda ankalembamo ndalama. Ntchitoyi anthu ankainyoza, ndipo phindu lake linali lochepa, koma iye ankaigwira mwaluso ngati ndi yapamwamba. Patapita nthawi anayamba kupanga mabuku athunthu. Masiku amenewo buku lotchedwa la mapepala 100 kawirikawiri linkaperewera, koma m'buku la Kuroda wogula ankapezamo 100 enieni olembapo. Mfundo yake inali yakuti katundu aliyense azikhala wothandiza anthu. Malondawo anawatcha Kokuyo, kutanthauza ulemu wa dziko la kwawo, pofuna kuti asachititse manyazi kumene anabadwira. Kampaniyo inakula, ndipo mu 1975 inatulutsa makope otchedwa Campus, amene ana a sukulu a ku Japan akulembamo mpaka lero.

Tsono tibwerere kwathu kuno. Ambiri a ife timagulitsa nyemba, ufa, tomato kapena makala kuti ana apeze makope omwewo. Kodi mbale yanu yoyezera si yotiphwanyidwa kunsi? Kodi tomato woola simumubisa pansi pa mulu? Mukatero mudzapindula lero lokha, pakuti mayi amene mwamunyengayo akafika kunyumba adzaona, ndipo mawa adzapitirira benchi lanu, atauzanso anzake ku chigayo. Choopsa koposa n'chakuti mwana amene amakuthandizani kugulitsa akuona zonse, ndipo akuphunzira.

Sabata ino chitani ziwiri. Pogula kope, werengani mapepala ake wogulitsa akuona. Ndalama ndi yanu, musachite manyazi. Pogulitsa, yezani monga mmene mungamuyezere mayi anu okubalani. Phindu lidzabwera mochedwerapo, koma paja pang'onopang'ono ndi mtolo.